Aphunzitsi, Nanga Bwanji Magetsi Satayikira Pansi?

Tsiku lina ndikuphunzitsa za magetsi, ndidachita zomwe aphunzitsi ambiri a sayansi amachita. Ndidajambula batire, waya ndi babu pa bolodi, kenako ndidauza ana kuti aganize za madzi oyenda m'paipi. Batire ndi pampu yokankha madziwo, waya ndiye paipi, ndipo babu ndi malo amene paipi yachepa moti madzi amadutsa movutikira. Kalasi yonse idagwedeza mitu. Mumtima ndidati lero ndiye phunziro lalowa. Ndikufufuta bolodi, mtsikana wina wokhala kumbuyo, amene sankayankhulayankhula, adakweza mkono.

"Aphunzitsi, paipi ikaduka madzi amatayikira pansi. Nanga waya akaduka, bwanji magetsi satayikira pansi?"

Anzake ena adaseka. Ine ndidaima ndi choko m'manja, chifukwa funsolo lidali labwino kuposa phunziro langa. Mwanayo adalimvetsa fanizo lija, adalitenga n'kuyenda nalo mpaka pomwe lidathera. Amene adandidetsa nkhawa ndi ogwedeza mitu aja. Akadatuluka tsikulo akuganiza kuti m'waya mumayenda timadzi tina tosaoneka tochokera m'batire, ndipo ine ndikadapita kunyumba wokondwa kuti ndaphunzitsa.

Munthu atha kunena kuti ngati mafanizo amasocheretsa chonchi, tingowasiya, tiziuza ana zinthu monga zilili. Vuto ndi lakuti zambiri zomwe timaphunzitsa kusukulu sizioneka ndi maso, sizigwirika ndi manja. Palibe mwana adaonapo atomu (kanthu kakang'ono zedi kopanga zinthu zonse), mphamvu yokoka ya dziko, nambala yochepera ziro, kapena ulamuliro wa demokalase ataugwira. Izi ndi mfundo, ndipo mfundo imasiyana ndi mawu oitchulira. Mwana angathe kuloweza tanthauzo la mawu, n'kulilemba pa mayeso osalakwitsa chilembo, koma mfundoyo asanaigwire. Waigwira ndi amene amaizindikira ikabwera itavala zovala zina, mu funso lomwe sadalionepo. Katswiri wa ku Russia wa za kaganizidwe ka ana, Lev Vygotsky, amene adamwalira mu 1934, adasiyanitsa mfundo zomwe mwana amatola yekha pa moyo wa tsiku ndi tsiku ndi zomwe amazipeza kusukulu. Zoyambazo amazidziwa bwino ngakhale sangathe kuzifotokoza. Zachiwirizo amazifotokoza bwino ngakhale sakuzidziwa. Iye adachenjeza kuti kungouza mwana mfundo mwachindunji kumabala mawu obwerezabwereza opanda kanthu m'kati. Fanizo ndi njira imodzi yolumikizira ziwirizi, kuti chachilendocho chipeze pogwira pa zomwe mwana akuzidziwa kale.

Ndiponso sitingathawe mafanizo ngakhale titafuna, chifukwa chilankhulo chomwe timaphunzitsiracho n'chodzaza nawo. Timati nkhani yazama, ngati kuti ndi dziwe. Timati mlandu wakula, mawu awa ndi olemera, mtima wakhala pansi, mutu wagwira, zakale zili m'mbuyo, zobwera zili kutsogolo. Palibe amaona kuti akuphiphiritsa akamayankhula motero. George Lakoff ndi Mark Johnson adaonetsa mu 1980 kuti mafanizo oterewa ndiwo amanyamula kaganizidwe kathu pa zinthu zosaoneka, ndipo amatitsogolera osadziwa ife. Mawu a sayansi nawo adabadwa chimodzimodzi. Robert Hooke atayang'ana khungwa la mtengo pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, adaona timabowo tondandalikana ngati tizipinda, ndipo m'buku lake la mu 1665 adatitcha ndi mawu otanthauza tizipinda, omwe lero timati maselo. Mawu achingerezi otchulira kuyenda kwa magetsi, current, ndi omwewo otchulira madzi oyenda mumtsinje. Choncho fanizo la madzi lija lili kale m'kati mwa mawu a m'buku, mphunzitsi asanatsegule pakamwa.

Funso lenileni ndi lakuti fanizo limanyamula chiyani kuchoka ku chodziwika kupita ku chachilendo. Dedre Gentner adaliyankha mu 1983 mwa njira yomwe yandithandiza kwambiri. Iye adati fanizo labwino limanyamula mgwirizano wa pakati pa zinthu, maonekedwe a zinthuzo n'kuwasiya. Chitsanzo chake chidali chija chodziwika cha atomu ndi dzuwa. Ernest Rutherford atapeza mu 1911 kuti pakati pa atomu pali phata laling'ono lolemera kwambiri, anthu adayamba kuyerekeza atomu ndi dzuwa lozunguliridwa ndi mapulaneti. Chonyamulidwa apa ndi ichi: pakati pali cholemera, chimakoka topepuka, ndipo topepukato timazungulira. Zakuti dzuwa n'lotentha, n'lowala, limatuluka kum'mawa, zimenezo ziyenera kutsala.

Koma ndani amauza mwana zoti anyamule ndi zoti asiye? Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo aphunzitsi ambiri timapadumpha. Mphunzitsi amadziwa mbali zonse ziwiri, dzuwa ndi atomu, madzi ndi magetsi. N'chifukwa chake fanizolo limamukomera, amaona msanga pamene zikufanana, ndipo zosafananazo amazitaya osaganiza n'komwe. Mwana amadziwa mbali imodzi yokha. Alibe poyezera. Amanyamula katundu yense, wofunika ndi wosafunika yemwe, n'kukamutula pa chinthu chatsopanocho. Ukamuuza kuti atomu ili ngati dzuwa ndi mapulaneti, angaganize kuti phata la atomu limawala, kapena kuti maelekitironi, topepuka tija tozungulira phatalo, ali ndi tinjira tawo tokhazikika tomwe ungaloze n'kunena kuti pano ali apa. Chachiwirichi chimavuta kuchizula, chifukwa asayansi eni ake adachisiya kalekale. Niels Bohr adakonza chithunzicho mu 1913, ndipo pofika 1926 masamu a Erwin Schrödinger adatsogolera ku kamvedwe kakuti sitinganene njira yeniyeni ya elekitironi, tingangonena dera lomwe ingapezeke. Chithunzi cha timipira tozungulira chikadali m'mabuku chifukwa n'chosavuta kujambula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tibwerere kwa mtsikana uja ndi waya wake. Fanizo la madzi lili ndi zabwino zake, ndipo sindidalitaye. Limathandiza mwana kusiyanitsa zinthu ziwiri zomwe amazisokoneza kawirikawiri, kukankha ndi kuyenda. Mphamvu yokankha ya batire ili ngati mphamvu ya pampu, ndipo kuchuluka kwa zoyenda m'waya kuli ngati kuchuluka kwa madzi odutsa pa sekondi imodzi. Ukawonjezera kukankha, zoyenda zimachuluka. Ukapanikiza njira, zimachepa. Mpaka apa zonse zili bwino. Pothera pake ndi apa: madzi amatha kuyenda mumpweya, n'chifukwa chake amatayika paipi ikaduka, pomwe magetsi a batire sadutsa mumpweya. Waya akaduka, kuyenda konse kumaima nthawi yomweyo, mbali zonse za njirayo. Palinso china choopsa kuposa ichi. Mwana wozolowera kuona madzi akutha m'chidebe amaganiza kuti batire ndi chidebe cha magetsi, babu limawamwa, ndipo obwerera ku batire amakhala ochepa. Zoona zake n'zakuti maelekitironi, omwe kuyenda kwawo ndiko timati magetsi, ali kale m'waya monse batire lisanalumikizidwe, ndipo kuchuluka kwa olowa m'babu n'chimodzimodzi ndi kwa otuluka. Chomwe chimatha m'batire ndi mphamvu yowakankhira. Iwowo amayenda pang'onopang'ono zedi, nthawi zambiri osakwana milimita imodzi pa sekondi, komabe babu limayaka pompopompo ukangosindikiza switchi.

Pa mbali imeneyi tcheni cha njinga chimaposa paipi. Tcheni chili kale pamalo pake, chazungulira. Ukapalasa, gudumu lakumbuyo limayamba kuyenda nthawi yomweyo, popanda kudikira kuti kachitsulo komwe kadali pafupi ndi phazi lako kafike kumbuyoko. Tizitsulo ta tcheni sititha, yemwe amatopa ndi wopalasa. Ndipo tcheni chikaduka, zonse zimaima, palibe chotayikira pansi. Funso la mwana uja layankhidwa. Koma tcheni nacho chili ndi malire ake, pakuti sichigawikana n'kuyenda njira ziwiri monga amachitira magetsi pa mawaya olekana, pomwe madzi amatero mosavuta. Dedre Gentner ndi Donald Gentner adayesa zimenezi m'kafukufuku wofalitsidwa mu 1983. Adapeza kuti anthu oganiza za magetsi ngati madzi ankayankha bwino mafunso a kalumikizidwe ka mabatire, pomwe oganiza za magetsi ngati khamu lopanikizana podutsa pa zipata ankayankha bwino mafunso a tizipangizo tochepetsa kuyenda kwa magetsi. Fanizo lomwe munthu wagwira limasankha mafunso omwe akhoze ndi omwe alakwe.

N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira kuti pa mfundo yovuta, mafanizo awiri osiyana amaposa limodzi labwino kwambiri. Likakhala limodzi, mwana sadziwa ngati akuphunzira za magetsi kapena za madzi. Akakhala awiri, amakakamizika kufunsa kuti paipi ndi tcheni zikufanana pati, popeza m'maonekedwe sizifanana n'komwe. Chomwe chimatsala akachotsa madzi ndi zitsulo ndiye mfundo ija timafuna: njira yozungulira yosaduka, chokankha, ndi kuyenda kofanana ponseponse.

Pali kafukufuku wina amene mphunzitsi aliyense ayenera kumudziwa, wa Mary Gick ndi Keith Holyoak, wa mu 1980 ndi 1983. Adapatsa ophunzira a ku yunivesite vuto ili: wodwala ali ndi chotupa m'mimba chosatheka kuchita opaleshoni. Pali cheza chomwe chingawononge chotupacho chikakhala champhamvu, koma champhamvu chomwecho chiwononganso mnofu wabwino womwe chidutsemo. Chofooka sichipweteka mnofu, komanso sichichita kanthu pa chotupa. Dokotala atani? Opeza yankho paokha adali pafupifupi 10 pa 100 alionse. Ena adayamba awerenga kankhani ka mkulu wa asilikali wofuna kulanda linga lomwe misewu yake yonse idali ndi mabomba ophulika gulu lalikulu likadutsa. Iye adagawa asilikali m'timagulu, tidadzera misewu yosiyanasiyana n'kukumana pa lingalo nthawi imodzi. Yankho la dokotala ndi lomwelo, kuwomba cheza chofooka kuchokera mbali zambiri kuti chikumane pa chotupa. Munthu angaganize kuti owerenga kankhaniko onse adaliona. Adaliona pafupifupi 30 pa 100 okha. Atangouzidwa kuti kankhani kaja kangawathandize, chiwerengero chidafika cha m'ma 75 pa 100. Awa adali anthu akuluakulu, yankho lili m'manja, koma osaliona chifukwa linga silioneka ngati chotupa. Nanga mwana wa zaka khumi? Ofufuzawo adapezanso kuti kupatsa anthu nkhani ziwiri n'kuwauza kuti azifananize kumathandiza kwambiri kuposa nkhani imodzi. Ine ndimatolapo ichi: kuponya fanizo m'kalasi n'kupitirira sikukwanira. Uyenera kuima, n'kuloza chimodzichimodzi kuti ichi chikuimira ichi, icho chikuimira icho.

M'masamu nkhaniyi imaoneka bwino pa kachizindikiro kakang'ono ka =. Robert Recorde, yemwe adakayambitsa mu 1557, adasankha mizere iwiri yoyendera limodzi chifukwa adaona kuti palibe zinthu ziwiri zofanana kuposa imeneyo. Tanthauzo lake ndi lakuti mbali iyi ndi iyo n'zofanana. Koma mwana amene kwa zaka zingapo wakhala akuona 3 + 4 = ndi mpata kutsogolo amapanga fanizo lakelake lomwe palibe adamuuza: chizindikirochi chili ngati khomo lotulukira yankho. Ofufuza a ku America adafalitsa mu 1999 zomwe adapeza atapatsa ana a pulayimale funso lakuti 8 + 4 = □ + 5. Ambiri, ngakhale a m'makalasi apamwamba, adalemba 12 kapena 17. Olemba 7 adali ochepa kwambiri. Yesani funsoli m'kalasi mwanu mawa, mudzaona nokha. Mwana wotereyu akadzafika pa aljebra adzavutika, ndipo tidzati alibe mutu wa masamu, pomwe vuto lidayamba kale ndi chithunzi cholakwika. Mankhwala ake ndi sikelo ya mbale ziwiri. Mbale iyi muli 8 ndi 4, mbale iyo muli 5 ndi chinachake, ndipo sikeloyo sinapendekeke. Ukachotsa kuno uyenera kuchotsanso uko. Kuchokera pamenepo, lamulo lochita chimodzimodzi mbali zonse ziwiri limakhala ndi chifukwa chake, silikhalanso chongoloweza.

Sikelo nayo imafika pothera. Simungaike 3 wochepera ziro m'mbale. Apa aphunzitsi amatembenukira ku ngongole, fanizo lakale zedi, lomwe katswiri wa masamu wa ku India, Brahmagupta, adaligwiritsa ntchito m'chaka cha 628 potchula manambala oposa ziro kuti chuma ndi ochepera ziro kuti ngongole. Pophatikiza ndi pochotsera limagwira bwino. Koma mwana wochenjera adzafunsa kuti ngongole kuchulukitsa ndi ngongole zibala bwanji chuma, ndipo pamenepo mphunzitsi woona mtima ayenera kuvomera kuti fanizoli latifikitsa pomwe likadatha, tsopano tiyang'ane mmene manambala akuyendera: -4 kuchulukitsa ndi 2 tipeza -8, kuchulukitsa ndi 1 tipeza -4, kuchulukitsa ndi 0 tipeza 0. Yankho likukwera ndi 4 nthawi iliyonse, ndiye tikatsika kufika pa -1 lidzakhala chiyani? Mwana amadzipezera yekha 4. Kuvomera kuti fanizo latha sikuchotsa ulemu wa mphunzitsi. Mwana amaphunzirapo kuti chithunzi ndi chinthu chenichenicho n'zosiyana, ndipo limeneli ndi limodzi mwa maphunziro akuluakulu a sayansi yonse.

Nthawi zina fanizo limakhala lolondola koma mwana amalikana chifukwa mtunda wake watalika. John Clement adaona izi pa mfundo yakuti buku likakhala pa tebulo, tebulolo limalikankhira m'mwamba. Ophunzira ambiri amakana, amati tebulo n'chinthu chakufa, lingakankhe bwanji? Onse amavomera kuti ukapanikiza sipuling'i ndi dzanja imakukankha, koma saona kugwirizana kwa sipuling'i ndi tebulo. Njira yomwe Clement adafotokoza mu 1993 ndi yoika miyala yopondapo pakati. Ika buku pa sipuling'i, ikukankha. Ika buku pa thabwa lopyapyala lomwe likupindika, likukankhanso, popeza likufuna kuwongoka. Thabwa lokhuthalako pang'ono, likupindika pang'ono. Lokhuthala kwambiri? Mwana amafika yekha ponena kuti tebulo nalo limapindika, kungoti mochepa kwambiri moti maso saona. Ndimaikonda njirayi chifukwa simuuza mwana kuti walakwa. Imayambira pa chomwe iye akuchivomereza ndi mtima wonse.

Kaperekedwe kake kamasiyanitsanso kwambiri. Lindsey Richland, Osnat Zur ndi Keith Holyoak adaonera mavidiyo a maphunziro a masamu a ku United States, Hong Kong ndi Japan, n'kufalitsa zomwe adapeza mu 2007. Aphunzitsi a konseko ankagwiritsa ntchito mafanizo pafupipafupi. Kusiyana kudali kwakuti a ku Hong Kong ndi Japan ankawachirikiza kwambiri: ankajambula chofanizira, ankachisiya pa bolodi osachifufuta pamene akufotokoza chatsopano, ankaika ziwirizo moyandikana, ndipo ankaloza ndi manja uku ndi uku. Zimenezi sizifuna ndalama kapena zipangizo. Zimangofuna kuti bolodi ligawidwe pakati ndipo mphunzitsi asafulumire. Mutu wa mwana sungasunge paipi yosaoneka ndi waya wosaoneka nthawi imodzi, uku akumvetseranso mawu a mphunzitsi.

Chofanizira chiyeneranso kukhala chomwe mwanayo akuchidziwadi. Izi zikumveka zachidziwikire, koma mabuku ambiri amalembedwa kutali ndi ana owawerenga, ndipo m'maiko ambiri ana amaphunzira m'chilankhulo chomwe sayankhula kunyumba. Ukafanizira chachilendo ndi chachilendo chinzake, mwana amatsala ndi zosadziwika ziwiri m'malo mwa chimodzi. Ngakhale chodziwika chimatha kumveka mwa njira yomwe sudaiganize. Stella Vosniadou ndi William Brewer adaonetsa mu 1992 kuti ana ouzidwa kuti dziko n'lozungulira amasakaniza mawuwo ndi zomwe maso awo amaona. Ena amaganiza kuti n'lozungulira koma lathyathyathya, ena kuti anthu amakhala m'kati mwa mpira pa malo afulati, ena kuti pali maiko awiri, lathu lino ndi lina la mpira lili kumwamba. Onsewa ukawafunsa ayankha kuti dziko n'lozungulira, ndipo uwachonga. Umazindikira zomwe zili m'mutu mwawo pokhapokha ukawapempha kuti ajambule, n'kuloza pamene iwowo aima.

Ndikudziwa chodandaula cha mphunzitsi wa kalasi yodzaza, yemwe silabasi ikumuthamangitsa ndipo mayeso ali pafupi. Nthawi yoyendera malire a fanizo lililonse aitenga kuti? Dandaulolo n'loona. Koma taonani chomwe chimachitika tikadumpha: fanizo limasanduka tanthauzo loloweza. Mwana amalemba kuti mtima ndi pampu, ubongo ndi kompyuta, maselo oyera a magazi ndi asilikali a thupi, amapeza malikisi, koma ukamufunsa kuti pampuyo ikukankhira magazi kuti ndipo abwerera bwanji, amangoti kukamwa yasa. Ine ndidasankha kuchepetsa mafanizo. Pa mutu umodzi ndimatenga awiri okha omwe ndawaganizira usiku wake, ndipo ndimalowa m'kalasi ndikudziwa kale pomwe lililonse lithere.

Mawa lake la tsiku lija ndidagawa bolodi pakati. Kumanzere ndidajambula paipi ndi pampu, kumanja batire, waya ndi babu, ndipo pansi ndidalemba mitu iwiri: zofanana, zosiyana. Funso la mtsikana uja ndidalilemba loyamba pansi pa zosiyana, ndi mawu ake omwe. Kenako ndidalowetsa njinga m'kalasi, ndidaigadabuza, ndipo mnyamata wina adapukusa chopalasira ndi dzanja ena akuyang'ana tcheni. Ndidawafunsa kuti batire ndi chiyani pa njingayi, babu ndi chiyani. Adakangana kwa kanthawi. Wina adati babu ndi gudumu, wina adati ndi buleki chifukwa ndi imene imalimbana ndi kuyenda, ndipo ukaigwiritsa nthawi yaitali imatentha ngati babu. Ameneyu ndidamuuza kuti abwere adzalembe yekha pa bolodi.

Belu litatsala pang'ono kulira, mtsikana uja adakwezanso mkono.

"Aphunzitsi, mababu akakhala awiri pa mawaya olekana, tcheni chimodzi chidutsa bwanji njira ziwiri?"

Ndidamupatsa choko, ndipo adakalemba funsolo pansi pa zosiyana, mbali ya njinga.